"Sukulu ya nsomba" ndi "kunyada kwa mikango": mayina a magulu a nyama adachokera kuti?

Aphunzitsi ena a Sitandade 7 atumiza funso ili pa imelo: "Buku la Chingerezi likuti gulu la mikango ndi pride, la nsomba ndi school, la akhwangwala ndi murder. Ana akufuna kudziwa chifukwa chake, ndipo wina walemba kuti 'sukulu ya nsomba'. Mawuwa adachokera kuti, nanga m'Chichewa tinene bwanji?"

Aphunzitsi, anawo afunsa bwino. Vuto n'lakuti mabuku amaika mawu onsewa m'dengu limodzi, pomwe ena ndi mawu a ntchito, ena ndi a macheza chabe. Mukawasankhula, phunziro lipepuka.

Tiyambe ndi a ntchito. Herd, flock ndi swarm ndi mawu akalekale, omwe abusa ndi alimi a ku England ankayankhula zaka zoposa 1,000 zapitazo. Herd ndi wa ng'ombe, njovu, njati ndi mbawala; flock ndi wa nkhosa ndi mbalame, ngakhale kale ankanenanso khamu la anthu; swarm ndi wa njuchi ndi dzombe. Pambali pa amenewa pali pack wa agalu ndi mimbulu, troop wa anyani ndi apusi, ndi litter wa ana a galu kapena a nkhumba obadwa pamodzi.

School wa nsomba alibe ubale ndi sukulu ya ana. Adachokera ku Chidatchi chakale, ku mawu akuti schole otanthauza gulu, ndipo mnzake ndi shoal. Sukulu yophunziramoyi idachokera ku Chigiriki kudzera m'Chilatini. Mawu awiriwa adangokumana pa kalembedwe, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Gaggle wa atsekwe amatsanzira kulira kwawo, ndipo amanenedwa atsekwewo akakhala pansi. Akauluka amatchedwa skein, mawu omwe kwenikweni amanena ulusi wokulunga.

Tsopano a macheza, omwe mbiri yawo ndi yokoma. M'zaka za m'ma 1400 anthu apamwamba ku England ankaona ulenje ngati chizindikiro cha ulemerero, ndipo mnyamata wosadziwa chiyankhulo cha alenje ankachita manyazi pagulu. Choncho mindandanda ya mawu otere inkakopedwa pamanja. Mu 1486, mumzinda wa St Albans, adasindikiza buku lodziwika kuti Book of St Albans, lonena za kusaka ndi akabawi, ulenje ndi zizindikiro za mabanja olemekezeka. Gawo la ulenje amati adalemba ndi mayi wina dzina lake Juliana Berners. M'bukumo muli mndandanda wa mayina a magulu oposa 160. Mmenemo ndimo muli pride wa mikango, komanso unkindness, ndiye kuti nkhanza, wa makungubwe, potsata chikhulupiriro choti mbalamezi zimataya ana awo. Murder wa akhwangwala naye ndi wa m'mindandanda ya nthawi yomweyo.

Onani bwino apa: mndandandawo sudali wa nyama zokha. Muli "superfluity" ya masisitere, kutanthauza kuchuluka kopitirira muyezo, ndi "drunkship" ya osoka nsapato, kuwanena uchidakwa. Amenewa sadali mawu a ntchito, kudali kusereula. Ngakhale mkango, olembawo sadausakepo. Ku England kudalibe mikango yakutchire. Ankaiona yojambulidwa pa zishango, kapena yotsekeredwa ku Tower of London, komwe mafumu ankasunga nyama zachilendo kuyambira m'ma 1200. Adangotenga khalidwe lomwe ankaganizira nyamayo, kunyada, n'kulisandutsa dzina la gulu.

Kukopa pamanja kudabalanso zolakwa. Gulu la ferret, kanyama kofanana ndi likongwe, linkatchedwa besynes, kunena kutanganidwa kwake. Wokopa wina adaika f m'malo mwa b, ena adapitiriza kupotoza mpaka kudatuluka fesnyng, mawu opanda tanthauzo omwe adalowa m'mabuku kwa zaka zambiri.

Ambiri mwa mawuwa adagona mpaka James Lipton wa ku America adawatolera m'buku lake la 1968, An Exaltation of Larks, nawonjezera ena atsopano. Parliament wa akadzidzi adatchuka ndi C. S. Lewis, yemwe adautenga kukhala mutu wa chaputala m'buku la ana la 1953. Tower wa nyamalikiti, dazzle wa mbidzi ndi crash wa zipembere, omwe otsogolera alendo amakonda kunena ku Liwonde kapena ku South Luangwa, ndi a posachedwa, osangalatsira alendo. Wofufuza za mbidzi amangolemba herd.

Pride adawoloka n'kukhala mawu a sayansi. Lero amatanthauza banja la mikango yaikazi yapachibale, ana awo ndi amphongo omwe akulamulira pa nthawiyo. Amphongo oyenda pamodzi ali ndi dzina lawo, coalition.

Maganizo anga ndi akuti anawo agwire kaye mawu khumi a ntchito: herd, flock, swarm, pack, troop, litter, school, shoal, gaggle ndi pride, aliyense m'chiganizo chathunthu. Enawo muwauze ngati nthano, limodzi ndi mbiri yake. Kuloweza mndandanda wautali wa pa intaneti n'kutaya nthawi, chifukwa wadzaza ndi zopeka za dzulodzuloli, monga congress wa anyani, yemwe adafala ngati nthabwala yonyoza andale.

M'Chichewa musamasulire mawu ndi mawu. "Kunyada kwa mikango" kukunena khalidwe, osati gulu. Tili ndi gulu, lokwanira nyama iliyonse. Msambi, makamaka wa ng'ombe ndi ziweto zina. Khamu ndi namtindi ponena za unyinji waukulu. Nthawi zina dzina la chinthucho limanyamula kale unyinji: tikati dzombe lagwa kapena linthumbu lalowa m'nyumba, palibe amaganiza za kachilombo kamodzi. Chinenero chathu chidaika luso lake pa zinthu zina, monga mkoko ndi phava la nthochi, mtolo wa nkhuni, mulu wa tomato, ndiponso pa mawu ojambula maonekedwe: mbalame zili mbwee, nyerere zili nyakanyaka.

Pomwe ana amapunthwa kwambiri ndi pa mgwirizano wa mawu. Mneni amatsata dzina la gulu, osati nyamazo: gulu la njovu likudutsa, msambi wa ng'ombe ukubwera, osati "msambi wa ng'ombe zikubwera". M'Chingerezi n'chimodzimodzi, "a herd of cattle is grazing", ngakhale a ku Britain amalola are akamaganizira nyamazo payokhapayokha. Pamayeso auzeni alembe is.