Mloleni amwe mankhwala a likodzo kusukuluko

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu amwenso mankhwala a likodzo amene alangizi a zaumoyo amagawa kusukulu, poti ulendo wathawu anasanza. Mloleni ndithu. Mankhwalawa, praziquantel, amavuta m'mimba mukakhala mopanda kanthu, ndiye adye kaye phala lolimba kapena chinangwa, osati tiyi yekha. Mapiritsiwo amawerenga potengera kutalika kwa mwana, musaope kuti amuchulukitsira.

Kuno ku Senga Bay ana amaswera m'madzi, ndipo tizilombo toyambitsa likodzo timatuluka mu nkhono za m'mabango n'kulowa pakhungu. Wanga wa Sitandade 4 ankakodza magazi osandiuza, ndinangoona madontho pa kabudula ndikuchapa. Zinandipweteka mtima. Ena amati mnyamata akatero ndiye wakula. Ayi, ndi matenda amenewo, ndipo akakhalitsa amawononga chikhodzodzo.