Marodi akumata ndi kuboola weld: ogula ati, ndipo muwasunge bwanji

Achimwene, mwati chiyambireni mvula marodi anu owotcherera a 6013 akumata pachitsulo, akuthetheka kwambiri, ndipo mukagogoda silagi, chikhungwa chouma chija cha pamwamba, mukupeza weld ili ndi timabowo ngati chimanga chofumbwa. Mwafunsanso ngati kuli bwino kugula 7018 poti mwalandira ntchito yopanga ngolo. Musafulumire kunena makina anu. Amene akukuvutitsaniwo ndi marodi amene amwa chinyezi. Ndipo mukagula 7018 n'kumaisunga mmene mukusungira 6013, vutolo lidzakula kuposa pano.

Tiyambe ndi manambala olembedwa pa rodi, chifukwa ambiri amangogula poti wa mu hadiweya wanena kuti "awa ndi olimba". Pa E6013, manambala awiri oyamba, 60, akunena mphamvu ya weld ikamakokedwa, mapaundi 60,000 pa sikweya inchi. Pa 7018 ndi 70,000. Nambala yachitatu ikakhala 1, rodiyo imawotcherera mbali zonse, pansi, choimirira ngakhale chagada pamwamba pa mutu. Ikakhala 2, monga 7024, ndi ya ntchito yogona pansi basi. Nambala yomaliza ikunena mtundu wa flakisi wokutira waya ndi magetsi amene rodiyo imafuna, ndipo nkhani yonse ya kasungidwe yagona pa flakisiyo.

Ntchito zambiri za m'mashopu athu, mageti, mafelemu a mawindo, burglar bars, mabedi, makaliyala a njinga za kabaza, mbaula, zonsezi 6013 imakwanitsa. Imayaka msanga, imalola magetsi a AC ndi a DC, silagi yake imachoka yokha ngati ma amp ali bwino, ndipo silowa kwambiri m'chitsulo, n'chifukwa chake ndi yabwino pa square tube yopyapyala. Pa chubu cha 1.2 kapena 1.6 mm gwiritsani ntchito rodi ya 2.5 mm, imene timati geji 12, pa ma amp 55 mpaka 70, mukudontheza pang'onopang'ono osati kukoka mzere wautali. Mukapeza 2.0 mm ndiye bwino koposa. Ngati makina anu ndi inverter, pa chitsulo chopyapyala lumikizani holda, chogwirira rodi chija, ku minus, sichibooka msanga. Pa angle iron ndi flat bar ya 3 mpaka 6 mm tengani 3.2 mm, geji 10, pa ma amp 90 mpaka 130. Ya 4.0 mm, geji 8, imayambira cha m'ma 140 kupita m'mwamba, ndipo ndi makina ochepa a m'nyumba amene amaikoka tsiku lonse osatentha. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ma amp 30 mpaka 40 pa milimita iliyonse ya kunenepa kwa waya, kupatula pa chitsulo chopyapyala pomwe amatsika. Rodi ikafiira isanafike theka, ma amp achuluka. Ikamamata rodi ili youma, achepa, kapena earth yanu, chingwe chopanira pa chitsulo chija, yagwira pa dzimbiri ndi penti.

Pa ngolo, malo amene amanyamula katundu ndi kugwedezeka pamsewu, monga pogwirira ekisulo ndi pa mpini wokokera, 7018 ndiyo yoyenera. Weld yake siphwanyika msanga ikamagwedezeka chifukwa flakisi yake inapangidwa kuti isalowetse hydrogen m'chitsulo. Koma ili ndi zofuna zake. Imakonda DC, holda ili ku plus. Pa makina a transformer aja opota okha, amene voteji yake isanayatse imakhala yochepa, imangozima ndi kumata. Ngati muli ndi makina otero funani yolembedwa 7018AC, apo ayi khalani pa 6013 ya 3.2 mm, mupale V ndi girayinda, muwotcherere maulendo awiri kapena atatu mukuchotsa silagi bwinobwino ulendo uliwonse. Poigwira 7018, nsonga ikhale pafupi kwambiri ndi chitsulo. Mukaitalikitsa ngati mmene mumachitira ndi 6013, timabowo tibwera ngakhale rodi ili yatsopano. Mukazimitsa pakati, nsonga yake imauma ngati galasi. Iswani kaye pa fayilo musanayatsenso. Ya 3.2 mm imafuna ma amp 100 mpaka 140, choncho magetsi a ESCOM akathima musayembekeze kuti kajenereta ka 2.5 kVA kaikoka.

Zina mwachidule. Chitsulo cha kasiti, monga thupi la pampu kapena manifold, chimafuna rodi ya nickel: boolani kabowo kumapeto onse a mng'alu, wotchererani masentimita awiri kapena atatu, menyani ndi nyundo kudakali kotentha, mukamaliza kwirirani m'phulusa kapena mumchenga wouma kuti chizizire pang'onopang'ono. Stainless ndi 308L, ndipo polumikiza stainless ndi chitsulo wamba ndi 309L. Asodzi akabwera ndi mwendo wa injini ya boti wosweka, imeneyo ndi aluminiyamu, atumizeni kwa amene ali ndi makina owotcherera a TIG. Sipiring'i ya galimoto yoduka musaiwotcherere kuti ibwerere pamsewu, kaya mwiniwake achonderere motani.

Tsopano kasungidwe. Ku Mangochi tili pakati pa Nyanja ya Malawi ndi Malombe, Shire akudutsa pa boma pomwe, ndiye kuyambira Disembala mpaka Epulo mpweya umakhala wolemera ndi chinyezi usana ndi usiku. Amene muli ku Mpondasi, Namiyasi, Makawa mpaka ku Monkey Bay musanyengedwe ndi kutentha kwa masana. M'bandakucha zitsulo zimachita thukuta m'shopu ya malata, ndipo flakisi imamwa madzi amenewo. Paketi yotsegula yosiyidwa pa simenti kapena yotsamira khoma imawonongeka m'masiku ochepa. Madzi amene alowa mu flakisi akafika pa moto amasanduka nthunzi ndi hydrogen. Nthunzi ndi imene ikukuthethetserani moto ndi kusiya timabowo. Hydrogen ndiyo yoopsa, chifukwa imabisala m'chitsulo n'kudzang'amba weld patapita tsiku limodzi kapena awiri, ngolo itachoka kale pa shopu. Pa chitsulo chochindikala kapena cholimba, 7018 yonyowa yataya chinthu chimene munaigulira, ndiye mwalipira ndalama zambiri pachabe.

Kuzindikira rodi yonyowa sikovuta. Tengani zinayi kapena zisanu m'manja muzigwedeze: zouma zimalira ngati zitsulo, zonyowa zimangomveka phuphuphu. Yang'anani ngati flakisi yatupa, yachita ufa woyera, kapena ikugumuka mukaikanda ndi chikhadabo. Kumapeto kogwirira holda kukachita dzimbiri lolowera pansi pa flakisi, rodiyo yatha, kuumitsa sikuibweza. Mayeso omwewa chitani pogula. Mahadiweya ambiri amagulitsa marodi imodziimodzi kuchokera m'paketi imene yakhala yotsegula pa kauntala milungu ingapo. Pa 6013 mukhoza kupirira, koma 7018 gulani yomata m'pulasitiki yake kapena m'chitini, ndipo gulani yokwanira ntchito imene ilipo. Kilogalamu imodzi ya 3.2 mm imakhala ndi marodi pafupifupi 30, ya 2.5 mm pafupifupi 50, ndiye werengerani pamenepo m'malo mogula paketi ya makilogalamu 5 imene idzagone m'shopu mpaka Juni.

Posungira 6013 njira yotsika mtengo ndi paipi ya PVC ya 110 mm, yodula masentimita 40 poti marodi ambiri ndi otalika 350 mm. Mbali imodzi matani kapu ndi guluu, inayo ikani chotsekera cha mazinga, mkati muponyemo timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Mtundu uliwonse wa rodi ukhale ndi paipi yake yolembedwa kunja. Filiji yakufa imene rabala wake wa pachitseko akadali bwino imathandizanso: muikemo babu wakale uja wa waya wa mawati 60 kapena 100. Babu wa LED satentha, ndiye palibe chimene angachite. M'mawa tulutsani okhawo amene mugwiritse ntchito tsikulo, otsala abwerere madzulo, osati kugona m'thumba la ovolosi kapena pa benchi. Marodi a 6013 amene muli nawo panowa, ngati flakisi sinagumuke, aumitseni mu uvuni pa madigiri pafupifupi 100 kwa ola limodzi, mutawayala osaunjika. Kuwayanika pa lata padzuwa kumachotsako chinyezi chapamwamba chabe. Kuwaika pa makala a mbaula kapena kugunditsa rodi pa earth kuti ifiire, monga ena amachitira, kumang'amba flakisi, ndipo moto umayamba kudyera mbali imodzi.

Filiji ya babu ija siikwanira pa 7018. Paketi ikatsegulidwa, marodiwa amafunika kukhala mu uvuni wa madigiri 120 mpaka 150 nthawi zonse, ndipo malamulo a American Welding Society a ntchito za zitsulo zomangira amalola kuti akhale panja maola anayi okha. Akapitirira pamenepo amaphikidwanso pa madigiri 300 mpaka 350 kwa ola limodzi kapena awiri, kutentha kumene uvuni wa kukhitchini safika, chifukwa ambiri amathera cha pa 250. Kuphika kobwerezabwereza kumafooketsanso flakisi. Kwa shopu yaing'ono, chotheka ndi ichi: dulani ndi kulumikiza zidutswa zonse za ngolo ndi timadontho, palani malo onse ndi girayinda mpaka chitsulo chiwale, kenako tsegulani paketi ya kilogalamu imodzi kapena awiri ndi kumaliza malo olemerawo tsiku lomwelo. Otsala musawawerengerenso ngati 7018 yeniyeni, agwiritseni ntchito pa zinthu zosanyamula katundu. Chitsulo cha ekisulo chikakhala chochindikala, chitenthetseni kaye mpaka dontho la madzi lizithetheka mukalidonthezapo, ndipo mukamaliza musathirepo madzi kuti chizizire msanga.

Pali marodi amene safuna kuumitsidwa konse, 6010 ndi 6011. Flakisi yawo imafuna kachinyezi pang'ono kuti moto ulowe mwamphamvu, ndiye mukawaika mu uvuni mwawapha. Asungeni m'paipi yotseka basi. Ngati mungaipeze 6011, ndi yothandiza pa zitsulo zakale za dzimbiri ndipo imayaka pa AC. 6010 imafuna DC yokha, ndipo ma inverter ang'onoang'ono ambiri amalephera kuiyendetsa.

Mukaumitsa marodi koma timabowo n'kumaonekabe, yang'anani chitsulocho. Penti, oyilo, dzimbiri ndi madzi a mvula otsalira m'kati mwa chubu zimabweretsa timabowo tomwetomweto. Mapaipi a galvanised palani kaye chikutiro chake masentimita awiri kapena atatu mbali zonse, ndipo wotchererani panja mphepo ikukankhira utsi kutali ndi nkhope yanu, chifukwa utsi woyera wa zinc uja umadzetsa kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi usiku wake.