Tsitsi lambiri, lanzindo: ndiliwotche kapena ndimete?

Mayi wina wa ku Chilomoni, amene amagwira ntchito m'tauni, wanditumizira imelo. Akuti: "Tsitsi langa ndi lambiri komanso lanzindo. Zipeso zimangothyoka, ndipo kupesa m'mawa misozi imachita kulengeza. Ku saluni akundiuza kuti ndiliwotche ndi mankhwala, apo ayi ndimete. Nditani?"

Achemwali, zikomo polemba. Musathamangire chilichonse mwa ziwirizi. Chikukuvutani si kuchuluka kwa tsitsi ayi, koma kuti mukulipesa louma, lonse nthawi imodzi.

Khungu la m'mutu limatulutsa mafuta akeake. Pa tsitsi lowongoka mafutawo amatsetsereka mpaka kunsonga, koma lathuli ndi lopotanapotana, choncho amathera kutsinde ndipo nsonga zimakhala ndi ludzu. Onjezani mphepo yozizira ya June ndi July, fumbi la August ndi September, kenako dzuwa la October. Tsitsi louma chotero likakumana ndi chipeso cha mano othinana chija timagula mumsika wa Limbe, china chiyenera kugonja, chipesocho kapena tsitsilo.

Tsiku lotsuka, Loweruka kapena Lamlungu, yambani ndi kuligawa zigawo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, chilichonse muchipote pachokha. Tsukani chigawo chimodzichimodzi ndi shampu, zala zikutikita khungu, osati kufikisa tsitsi ngati mukuchapa chitenje. Sopo wamtanda wochapira zovala musiyeni, amaumitsa koopsa. Mukatsukuluza pakani kondishina yambiri, ndipo nthawi yopesa ndi imeneyo, tsitsi lidakali loterera. Yambani ndi zala kumasula mfundo, kenako chipeso cha mano akuluakulu, kuchokera kunsonga kutsikira kutsinde, dzanja lina litagwira tsitsilo pakati kuti khungu lisakokeke. Mudzamva nokha chipeso chikudutsa popanda kaphokoso kothetheka kaja.

Mafuta pakani tsitsi lisanaumiretu. Ambirife timaganiza kuti mafuta ndiwo amafewetsa, chonsecho chofewetsa ndi madzi, mafuta amangotsekera kuti chinyezi chisathawe. A nsatsi, a kokonati, ngakhale Vaseline pang'ono kunsonga, zonse zimagwira. Mukatero lukani mizere ikuluikulu kapena mangani ndi ulusi ngati mmene ankatimangira amayi athu tili ana. Limauma litatambasuka, osafuna dulaya, ndipo magetsi akazima simudandaula. M'kati mwa sabata kabotolo kopopera madzi kakhale pafupi, ndipo pogona mangani duku yoterera, chifukwa nsalu ya thonje ya pilo imamwa chinyezi.

Za kudula. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndiye ngati lanu likuoneka kuti lidaima, likuduka kunsonga. Pakapita miyezi 3 kapena 4 dulani nsonga zogawanika ndi sizasi yakuthwa, osati lezala kapena sizasi yodulira mapepala. Odulayo alidule louma komanso lotambasula, pakuti lanzindo likanyowa limafupika kwambiri, ndipo mudzadabwa litauma mbali imodzi ili pamwamba. Akanena kuti "tilipungule m'kati kuti lichepe", kanani. Timatsitsi tatifupi totsalato ndi timene timadzapiringizana ndi linzake.

Tsono za mankhwala owongolera. Sindinena kuti ndi oipa kwa aliyense, alipo amene amawasamala bwino. Koma dziwani kuti ambiri mwa iwo muli sodium hydroxide, amene amaphwanya mphamvu ya m'kati mwa tsitsi, ndipo gawo lomwe lawongoledwa silibwereranso. Mutu wa tsitsi lambiri umatenga nthawi kupaka, ndiye pomafika kutsogolo kunkhongo kwayamba kale kupsa. Ngati mwasankha njira imeneyi, papite masabata osachepera 8 musanabwerezenso, ndipo azipaka lomera kumene lokha. Kukayamba kuwotcha nenani pomwepo atsuke, musapirire.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kaluke kathu. Ndimaona atsikana mu minibasi ya ku Ndirande kapena ku Bangwe atangochoka koluka meshi, nsidze zitakwera m'mwamba, tiziphuphu titandanda m'mphepete mwa chipumi, akuti amwa Panado kuti agone. Kukoka kotereku kumazula tsitsi la kutsogolo, ndipo kukapitirira zaka malowo sameranso. Tsitsi lanu ndi lolemera kale, choncho meshi ikhale yochepa, woluka asagwire timatsitsi tating'ono ta m'mphepete, ndipo isapitirire masabata 6 kapena 8 ili m'mutu. Mukamasula lipumitseni kaye sabata imodzi kapena awiri.

Yesani zimenezi mwezi wathunthu, kenako mundilemberenso. Koma mukaona tsitsi likuthothoka mozungulira ngati chipere, kapena m'mutu muli zilonda ndi kuyabwa kosatha, mafuta sangathandize, pitani kuchipatala akaone khungulo.