Achimwene a ku Ulónguè, ampuyo musayibaye pa soketi musanamange babu

Funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi ampulifaya yaikulu ya hi-fi imene malume anu anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inayamba kupsereza fyuzi, inu n'kumangapo kawaya m'malo mwa fyuziyo, ndipo mutayatsa munatuluka utsi mbali imodzi. Tsopano mwagula mathiranzisita atsopano, mukufunsa ngati mungangowotcherera n'kubaya pa magetsi, poti Loweruka kuli chinkhoswe ndipo achibale akudalira inu. Ena pagulu pano akuuzani kuti ingoikani muone. Ine ndikukupemphani, musatero musanamange babu loyesera limene ndifotokoze pansipa. Ndakhala ndikukonza zinthu zimenezi kuno ku Moatize kwa zaka zambiri, ndipo ampu zambiri zimene zimandipeza zitatheratu zinafera pa kuyatsa kwachiwiri, mwini wake atasintha kachipangizo kamodzi n'kuyatsa ali ndi chikhulupiriro chokha.

Fyuzi ija sinali vuto. Inkakuuzani kuti m'katimo muli chimene chikumwa magetsi mopyola muyeso, ndipo inkadzipereka kuti thiransifoma isapse. Mutamangapo waya munaitseka pakamwa, moto n'kupita kukafuna pena potulukira. Gulani fyuzi yofanana ndendende ndi imene yalembedwa pafupi ndi pamene imakhala. Ngati palembedwa T kutsogolo kwa nambala, monga T4A, ndiye kuti ndi ya mtundu wochedwa kuduka, wopirira kukoka kwamphamvu kumene thiransifoma imachita pa sekondi yoyamba. Mukaika ya mtundu wina idzaduka ngakhale ampu ili bwino, inu n'kuyambanso kuganiza za waya. Yang'ananinso kumbuyo ngati kuli kaswichi kosankhira mphamvu ya magetsi. Athu a kampani ya magetsi ya EDM ndi a 220V, ndipo katundu wa ku Joni amagwirizana nawo, koma kaswichiko kakasunthidwira pa 110V ampu imapsa nthawi yomweyo.

Musanagwire chilichonse m'katimo, ganizirani thupi lanu kaye. Zulani pulagi kukhoma. Kuzimitsa pa swichi ya ampu sikukwanira, chifukwa mawaya ofika pa swichiyo ndi pa fyuzi amakhalabe ndi 220V. Mukazula, musaganize kuti mwathana nazo. Muli zitini ziwiri kapena zinayi zazikulu pafupi ndi thiransifoma, zolembedwa mwina 10,000µF 63V kapena 80V. Amenewo ndi makapasita, ndipo ntchito yawo ndi kusunga magetsi. Ampu yaikulu imakhala ndi mbali ya +50V ndi ya −50V, kutanthauza kuti pakati pa ziwirizo pali 100V. Ampu yowonongeka ndiye imasunga nthawi yaitali kuposa yabwino, chifukwa njira imene magetsiwo akanatsikira yaduka.

Ine ndili ndi chipsera pa chala cha mphete. Ndinali nditazula pulagi, ndadya nsima, ndabwerera, ndikuganiza kuti papita nthawi yokwanira. Ndinapisa dzanja kuti ndikoke kawaya, mphete n'kugunda mwendo wa kapasita uku ikukhudza chitsulo cha bokosi. Kunamveka kuti phaa ngati wina waswa botolo, mphete inadyeka pambali, ndipo khungu la pansi pake linapsa. Kuyambira tsiku limenelo mphete, wotchi ndi tcheni zimatsala m'kabati ndisanatsegule chivundikiro.

Kutsitsa magetsi a m'makapasita n'kosavuta. Tengani rezisita ya 1k yolimba, ya 10W, muiwotcherere mawaya awiri okutidwa bwino, mugundike pa miyendo iwiri ya kapasita kwa mphindi yathunthu, kenako muyeze ndi mita yoyezera magetsi (multimeter) mutaiika pa DC. Ikasonyeza pansi pa 2V mwatha, pitani pa inzake. Musadule njira pogunditsa sikuludalaiva. Moto wake umadya nsonga, umatukula timizere ta kopa pa bolodi, ndipo umafooketsa kapasitayo. Ngati ampu yanu ndi yopepuka, yopanda thiransifoma yolemera ija, ndiye kuti ndi ya mtundu wina, ndipo kapasita yake yoyamba imasunga kupitirira 300V. Imeneyo, ngati simunaikonzepo, ipititseni kwa munthu woizolowera.

Gwirani ntchito pa tebulo lathabwa, mutavala nsapato za mphira, osati chopondapansi pa simenti. Thukuta limatsegulira magetsi njira, ndipo amene tili kuno kumunsi kwa Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, manja sauma. Ampu ikakhala yoyaka, dzanja limodzi lokha ndilo lilowe, linalo likhale kumbuyo kapena m'thumba, kuti magetsi asapeze njira yodutsa pachifuwa. Pakhalenso munthu wamkulu pafupi wodziwa pozimitsira, ndipo ana atalikire.

Tsopano za mathiranzisita mwagulawo. Simunatchule nambala, koma ampu zambiri zimagwiritsa ntchito 2SC5200 ndi mnzake 2SA1943, kapena ena ofanana nawo. Akuluakuluwa kawirikawiri safa okha. Akamapita amatenga timathiranzisita towayendetsa tomwe tili kumbuyo kwawo, marezisita oyera a simenti aja a 0.22 kapena 0.47 ohm, timarezisita tating'ono ta pa base (umodzi mwa miyendo itatu ya thiranzisita, inayo ndi collector ndi emitter), nthawi zina ndi kathiranzisita ka bias (bias ndiifotokoza pansipa) kamene kamamatiridwa pa heatsink, chitsulo chozizitsira mathiranzisita. Mukasiya kamodzi kakufa, atsopanowo adzapsa musanachotse n'komwe chala pa swichi. Mwayi wanu ndi wakuti mbali imodzi yokha ndiyo inafuka. Mbali yabwinoyo ndi mphunzitsi wanu: yezani kachipangizo ka kumanzere, muyeze kofanana nako kumanja, muone pamene manambala asiyana. Mita ikakhala pa diode, thiranzisita yamoyo imaonetsa pakati pa 0.5 ndi 0.7 kuchoka pa base kupita ku miyendo inayo, mukatembenuza mawaya osaonetsa kanthu. Ikalira pakati pa collector ndi emitter, yafa. Musaiwale kuyezanso bridge, kachipangizo ka miyendo inayi kosandutsa AC kukhala DC, poti waya munamanga uja anaipatsa ntchito yoposa msinkhu wake.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mathiranzisita achinyengo. Ndinagulapo asanu ndi atatu pa sitolo ina, olembedwa bwinobwino, ndipo anaimba kwa theka la ola n'kupsa onse pamodzi ndi sipika ya mwini wake. Nditaphwanya mmodzi ndi pulayala ndinapeza kagalasi ka m'kati kali kakang'ono ngati njere ya mapira, pamene ka thiranzisita yakale yeniyeni kanali kotakata bwino. Masiku ano ndimagula mmodzi wapadera woti ndiphwanye. Inunso phwanyani wakufa uja ndi mmodzi watsopano, muwaike pamodzi, maso anu aweruze. Pomanga, musasiye kapepala kopyapyala ka mica pakati pa thiranzisita ndi heatsink, pakani phala loyera lija lothandiza kutentha kudutsa pang'ono mbali zonse, ndipo mukamanga sikuluwu yezani kuti mwendo wapakati sukukhudzana ndi heatsink.

Apa ndiye pagona nkhani, pa babu. Amisiri kuno timalitcha lâmpada série. Tengani thabwa, soketi, chomangirapo babu ndi chingwe cha pulagi. Waya wa moto wokhawo, amene kawirikawiri amakhala wabulawuni, ayambe wadutsa m'babu asanafike pa soketi. Winayo apite molunjika, wa earth nayenso molunjika. Polumikiza ponse pakutidwe, pasaoneke kopa. Babulo likhale lakale lija la kawaya m'kati, la 60W kapena 100W. La LED kapena losunga magetsi siligwira ntchito imeneyi. Akalewa ayamba kusowa, choncho mukawapeza pamsika gulani angapo musunge.

Mukabaya ampu pa soketi ya pathabwayo, magetsi onse olowa mu ampu amayamba adutsa m'babu. Ngati m'kati mukadali short, kutanthauza kuti magetsi akudula njira, babu limawala mwamphamvu n'kukhala choncho, ndipo limatenga lokha mphamvu imene ikanaotcha mathiranzisita anu. Mumangozimitsa, palibe chapsa, n'kubwerera kukafufuza. Ngati zili bwino, limawala kamodzi kuti ng'ani pamene makapasita akudzaza, kenako limazirala mpaka kawaya kake kangotsala kofiirira ngati khala la m'phulusa. Mukaona kuziralako, mtima ukhale pansi. Koma kumbukirani kuti babu limateteza ampu, inuyo silikutetezani. Magetsi a pathabwapo akhoza kupha munthu chimodzimodzi ndi a kukhoma.

Poyatsa koyamba, masipika asalumikizidwe, volyumu ikhale pansi, ndipo kolowera nyimbo kukhale kopanda kanthu. Mawaya a mita muwapanitse ndi timano tija tangati ta ng'ona musanayatse. Kufufuza ndi nsonga ya mita m'malo othinana ampu ili moyaka kwandiphera mathiranzisita atsopano kangapo, chifukwa dzanja likangoterereka pang'ono nsongayo imagunditsa miyendo iwiri. Yezani mbali ya + ndi ya −, zikhale pafupifupi zofanana, ngakhale zidzatsikirapo chifukwa cha babu. Kenako ikani mita pa DC potulukira sipika. Nambala yabwino ndi ya pansi pa 50mV. Ikadutsa 100mV pali chofunika kuchiona. Ikafika mavolt angapo, kapena kufanana ndi mbali yonse ya + kapena −, sipika iliyonse imene mungaikepo idzapsa koyilo m'masekondi ochepa. Ngati ampuyo ili ndi relay, swichi yodziyendera yokha yolumikiza masipika, imene imati thapu patapita masekondi pang'ono, ndipo siikulira, yezani musanafike pa relayo. Musailumphe ndi waya. Ikukana dala chifukwa yaona DC, ndipo kuilumpha n'chimodzimodzi zimene munachita ndi fyuzi zija.

Zikakhala bwino pa babu kwa mphindi zingapo, popanda fungo kapena chotentha, chotsani babu mubaye molunjika, fyuzi yoyenera ili m'malo. Apa m'pamene mumayang'ana bias, yomwe ndi timagetsi tochepa toyenda m'mathiranzisita aakulu ampu ikakhala chete. Imayezedwa pa marezisita oyera aja. Mwachitsanzo, 10mV pa rezisita ya 0.22 ohm ndi pafupifupi 45mA. Nambala yoyenera ampu yanu ili mu service manual yake, ifufuzeni pa intaneti polemba dzina ndi nambala ya ampuyo. Mukaisowa, fananizani ndi mbali yabwino ija. Kopotokola kosinthira bias muzikatembenuza pang'onopang'ono ndi chida cha pulasitiki, mudikire kotala la ola kuti itenthe, muyezenso. Nambala ikamangokwera osaima, zimitsani msanga. Kawirikawiri zikatero ndiye kuti kathiranzisita ka bias sikakugunda bwino pa heatsink. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa bias m'pamene pamafunika kudekha kwenikweni.

Masipika a chinkhoswe akhale omaliza. Amisiri amayesera pa rezisita yaikulu ya 8 ohm 100W. Mukaisowa, element ya ketulo ya 2000W imakhala pafupifupi 24 ohm, ndipo zitatu zolumikizidwa mbali ndi mbali (parallel), nsonga zitatu pa waya umodzi ndi zitatu zinazo pa waya winawo, zimapereka 8 ohm. Muziviike m'madzi, polumikiza pokhapo pakhale kunja pouma. Tulutsani kulira kwa 100Hz kuchokera pa foni, poti mita zotchipa zimawerenga bwino AC yotsika chonchi, ndipo mukweze pang'onopang'ono. Mita ikati 20V pa 8 ohm ndiye 50W, ikati 28V ndiye pafupifupi 100W. Mbali ziwiri zipereke zofanana, ndipo heatsink ifunde mofanana. Mukatero ikanipo kasipika kotchipa kaye, mumvetsere ngati mawu sakukhadzula, kenako zazikuluzo.

Poti mwatsegula kale, ipukuteni. Kuno fumbi la malasha limamata pa heatsink ngati bulangeti, ndipo kwanu ku Angónia ngakhale kumazizira, fumbi la chilimwe, mphemvu ndi zisa za mavu ndimazipeza m'ma ampu ochokera kumeneko. Burashi youma ikwanira. Makapasita otupa pamwamba kapena otuluka madzi asinthidwe, ndipo onetsetsani + ndi − pomanga, chifukwa mukatembenuza amaphulika. Kutentha ndiko kumawadya: kukakwera ndi madigiri 10, moyo wawo umafupika ndi theka.

Ndikufunseni chimodzi chimene simunanene. Munkalumikiza masipika angati mbali imodzi? Ndikukayikira kuti gwero la zonsezi lili pamenepo. Ampu ya hi-fi inapangidwira pabalaza, masipika awiri. Masipika anayi a 8 ohm olumikizidwa mbali ndi mbali amatsika kufika 2 ohm, ndipo ampu yolembedwa 4 mpaka 16 ohm kumbuyo singapirire zimenezo usiku wonse. Loweruka ikani imodzi kapena ziwiri za 8 ohm mbali iliyonse, pamwamba pa ampu pasakhale chilichonse, fani iziipepa, ndipo mawu akayamba kusweka tsitsani. Ngati mudzagwiritsa ntchito jenereta, iyambe yalira n'kukhazikika musanabaye ampu, ndipo pozimitsa muyambe ndi ampu.

Likafika Lachinayi babu likuwalabe, bwerekani ina kwa anzanu kapena kutchalitchi, ya malumeyo muikonze mosathamanga chinkhoswe chikadutsa. Pakadali pano jambulani kumbuyo kwake pamene palembedwa nambala ndi ma ohm, pa fyuzi, ndi mbali inafuka ija pamwamba ndi pansi pa bolodi, mutumize pagulu pompano. Ndimatsegula foni madzulo ndikatseka shopu, ndidzakuuzani timene muyambe kuyeza.