Za Land Rover yomwe indiketa ikuyaka mukaponda buleki

Achimwene a ku Area 25, mwati Series III yanu mukaponda buleki indiketa yakumanzere imayaka mozilala, magetsi akutsogolo akuoneka ofiirira ngati a koloboyi, ndipo mwafunsanso za penti. Za penti ayankhe ena. Amene akukuuzani kuti mugule batire latsopano kapena muzule mawaya onse, muwasiye kaye. Zizindikiro zimenezo ndi za earth, njira imene magetsi amabwererera ku batire.

Babu la kumbuyo lili ndi tiwaya tiwiri mkati, ka 21W ka buleki ndi ka 5W ka parking. Magetsi akadutsa m'babumo amayenera kubwerera ku batire kudzera m'thupi la galimoto. Njira imeneyo ikatsekeka ndi dzimbiri, amafuna pena potulukira, ndiye amalowa m'babu la indiketa loyandikana nalo kapena kubwerera pa waya wa parking. N'chifukwa chake zinthu zosagwirizana zikuyakira limodzi. Pa Land Rover vutoli ndi lalikulu chifukwa thupi lake ndi aluminiyamu pomwe chasisi ndi masikuluwu ndi chitsulo. Pamene ziwirizi zakhudzana pamamera ufa woyera, ndipo ufawo sudutsitsa magetsi. Matope a nyengo ya mvula amangowonjezera vutolo.

Musanagule chilichonse, tengani waya wautali, mumange mbali imodzi ku negative ya batire, inayo mukhudzitse pa chitsulo cha soketi ya babulo wina ataponda buleki. Indiketa ikazima, buleki n'kuwala bwino, mwalipeza. Masulani nyaliyo, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, ikani waya wakuda watsopano kuchoka pa nyali kupita pa bauti ya chasisi, ndi washa ya mano ija, mumange, kenako mupake girizi pamwamba. Girizi abwere mutamanga kale. Chitani mbali zonse ziwiri, chifukwa inayo nayonso yatsala pang'ono.

Pa magetsi akutsogolo mufunika multimeter, mita yoyezera magetsi. Batire labwino limaonetsa pafupifupi 12.6V injini itazima, ndi pakati pa 13.8 ndi 14.4V ikulira. Ngati zili choncho, batire ndi olutaneta alibe mlandu. Tsopano yatsani magetsi, ikani waya umodzi wa mita ku negative ya batire, winawo pa waya wakuda kuseli kwa hedilampu. Muyenera kuona zosaposa 0.2V. Mukaona 0.5V kapena kuposa, earth yake yafa. Kuyeza magetsi atazima n'kutaya nthawi, chifukwa waya wotsala ndi tiulusi tiwiri amaonetsa 12V bwinobwino koma akalandira katundu amagonja. Onaninso lamba wa earth wochoka ku batire kupita ku chasisi, ndi wochoka ku injini. Wa ku injiniyo akaduka, sitata imakoka magetsi kudzera m'kebulo ya choke, ndipo mudzaipeza ikutentha poliza injini.

Ngati mawaya akadali oyambirira a kampani ya Lucas, mitundu yake ikuthandizani: wakuda ndi earth, wabulauni amakhala ndi moto nthawi zonse, wabuluu wa mzere wofiira ndi dim, wabuluu wa mzere woyera ndi bright, wobiriwira wa mzere wofiira ndi indiketa yakumanzere, wobiriwira wa mzere woyera yakumanja, wobiriwira wa mzere wapepo ndi buleki. Timalumikizidwe tokhala m'timachubu ta labala takuda tija timachita dzimbiri mkati osaoneka. Tisololeni kamodzikamodzi, mutitsuke, mubwezere. Osasolola tonse nthawi imodzi.

Earth ikakhala bwino koma magetsi akadali ofooka, ikani ma relay awiri (timaswitch toyatsidwa ndi magetsi ochepa), wa dim ndi wa bright. Mababu awiri a 60/55W amakoka pafupifupi 10A, ndipo yonseyo ikudutsa m'switch yokalamba. Pa relay iliyonse, pini 30 ichoke ku batire kudzera pa fyuzi, 87 ipite ku mababu, 86 ilandire waya wakale wochoka ku switch, 85 ipite ku earth. Ku Malangalanga ndi ku Biwi ma relay sasowa. Waya wake mumupale kaye musanalipire. Akaoneka woyera mkati, ndi aluminiyamu yopakidwa kopa, musiyeni.

Chenjerani ndi mafyuzi. Fyuzi yagalasi ya Lucas yolembedwa 35A imanyamula 17A yokha mosalekeza, 35 ndi pamene imapsera. Mukaika yamakono ya 35A, waya adzapsa fyuzi ili chilili. Wa zamagetsi amene akulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, kapena kupota mawaya ndi manja n'kukulunga tepi, musamusiyire galimoto ngakhale ola limodzi. Mababu a LED pa indiketa nawonso musawathamangire, flasher yakale, kachipangizo kophethiritsa indiketa, imafuna kulemera kwa mababu a 21W kuti iphethire bwino, pokhapokha mugulenso ya electronic.

Amene muli ndi Series II kapena Morris Minor pagulu pano, onani kaye mbali ya batire yomwe yamangidwa ku thupi. Zambiri zakalezo zinali za positive earth, ndipo wailesi yamakono mukailumikiza osayang'ana ikhoza kupsa pomwepo.