Kachilumba ka avuwo ku Florida

FUNSO: Mwana wanga amene ali pasukulu ku Florida wandiitana kuti ndikamuone mu Febuluwale, ndipo akuti akanditengera ku Pelican Island National Wildlife Refuge. Ine ndikamva za malo otetezera nyama ndimaganiza za njovu ndi mikango. Kodi kumeneko ndikaonako chiyani, nanga tikatha kukatsika pachilumbapo? — Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, za njovu muiwaliretu, kumeneko n'kwa mbalame. Pachilumbapo simukapondanso, chifukwa lamulo sililola mlendo kutsikapo. Musagwe ulesi, mumve kaye chimene anaikira lamuloli.

Kachilumbaka kali m'nyanja yosazama yotchedwa Indian River Lagoon, pafupi ndi tauni ya Sebastian. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, zipewa za amayi zokongoletsedwa ndi nthenga zinali m'fasho ku America ndi ku Ulaya. Alenje ankaomba akakowa ndi mbalame zina zili pazisa, n'kuzisosola nthenga, ana n'kumafa ndi njala. Paul Kroegel, yemwe anabadwira ku Germany koma ankakhala moyang'anizana ndi chilumbacho, zinamufika pamtima. Ankapalasa bwato lake mfuti ili pambali, kukalondera avuwo popanda womutuma.

Mabungwe okonda mbalame atadandaula, Pulezidenti wa America, Theodore Roosevelt, anasaina lamulo pa 14 Malichi 1903 loteteza kachilumbaka. Ndi malo oyamba a mtundu umenewu m'dziko lonselo. Lero alipo oposa 560, ndipo amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya U.S. Fish and Wildlife Service. Kroegel anakhala mlonda woyamba, akulandira dola imodzi pamwezi. Ntchitoyi inali yoika moyo pachiswe: mu 1905 mlonda mnzake, Guy Bradley, anaomberedwa kummwera kwa Florida poletsa alenje a nthenga. Ine ndikaganiza za dola imodzi ija, bamboyu ndimamuvulira chipewa.

Kachilumbako n'kochepa zedi. Mu 1903 kanali maekala asanu ndi theka, koma mafunde a maboti anakaguga mpaka kutsala osakwana theka lake. Anachita kuthira zigoba za nkhono za m'nyanja m'mphepete ndi kubzala zomera kuti dothi lisapitirire kukokoloka. Ndiye taganizani anthu atamatsikapo tsiku ndi tsiku: mbalame yofungatira ikadzidzimuka imathawa, mazira n'kutsala padzuwa. Malo onse otetezedwawo tsopano ndi maekala oposa 5,000, ambiri mwa iwo ndi madzi ndi madambo a mitengo ya mangrove, yomera m'madzi amchere.

Inu mukalowera pamsewu wa A1A, ndipo pakhomo salipiritsa. Mukafunse njira ya Centennial Trail, imene anaitsegula mu 2003 pokumbukira zaka 100. Ndi yaifupi, ngakhale wa maondo ovuta akhoza kuiyenda. Mbali ina ndi mlatho wamatabwa, ndipo pamatabwawo analembapo mayina a malo otetezedwa a m'dzikolo ndi chaka chimene aliwonse anakhazikitsidwa. Mukamayenda, zaka zimabwerera m'mbuyo mpaka 1903. Kumapeto kuli nsanja yoonerapo kachilumbako chapatali. Mwana wanu abwereke galasi loonera kutali, apo ayi mbalame zikaoneka ngati timadontho.

Febuluwale mwasankha bwino. Kutentha ndi udzudzu zimakhala zachepa, ndipo avuwo oyera ochokera kumpoto amakhala alipo. Iwowa amasodza akusambira m'gulu, pomwe avuwo ofiirira amachita kudzigwetsa kuchokera m'mwamba, phava! m'madzi. Adokowe ndi akakowa samasowa. Ngati madzi simuwaopa, ku Sebastian kumapezeka maboti ndi timabwato topalasa tofikitsa alendo pafupi, malinga asadutse zikwangwani za malire. Kuwedza n'kololedwa m'malo ena, koma motsata malamulo a ziphaso a Florida.

Mudzalawire m'mamawa, mutenge madzi akumwa ndi chipewa, ndipo mukakwera pansanja paja musapupulume kutsika.