Azakhali alowa mu Mtukula Pakhomo, kodi ndisiye kuwatumizira?

Mnyamata wina wa ku Ndirande, wogwira ntchito m'sitolo ku Limbe, wafunsa kuti: "Agogo, azakhali anga kwa Kunthembwe ayamba kulandira Mtukula Pakhomo. Kodi ndizitumizabe kangachepe? Anzanga akuti ndalamazi zimangoweta ulesi pomwe ife tikudulidwa msonkho."

Mdzukulu wanga, uyambe wadzifunsa chimene azakhali akowo awalembera. Ndondomeko ya bomayi, yopereka ndalama kwa makomo osauka, inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28, koma salembamo aliyense. Amafuna makomo osaukitsitsa omwenso alibe munthu wamphamvu zogwira khasu: nkhalamba zolera ana amasiye, odwala matenda amgonagona, aulumali, ana olerana okhaokha. Pa makomo khumi amatengapo limodzi. Ndiye ulesi wake uti, poti mphamvuzo n'zimene palibe? Anzakowo uwauze kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu 2023, ku Chilobwe kunali anthu amene anagona ali ndi nyumba n'kudzuka ali pamzere wa ufa.

Tsono itsate ndalamayo kumene imapita. Azakhali akalandira saisungitsa kunja. Amagula mchere, sopo, makope, mwina nkhuku ziwiri, yotsala n'kuponya kubanki m'khonde. Wagolosale amene wawagulitsa sopoyo amakapikula kuti? Ku Limbe, mwinanso m'sitolo momwe umalandiriramo malipiro iweyo. Ndalama ya mmphawi imazungulira pompano, pomwe ya wolemera nthawi zambiri imakagula galimoto kunja. Chachikulu kwa ine n'chakuti khomo lotere silithamangira katapila njala ikavuta mu Januwale, ndipo mwana sachoka m'kalasi kukagwira ganyu, popeza pamakhala kowonjezera ka mwana aliyense wapasukulu. Mpata wa pakati pa olemera a ku Nyambadwe ndi osauka a ku Mbayani sungatsekeke ndi kandalamaka, ayi, koma mwana wodziwa kuwerenga ndiye adzalipire msonkho ukalamba iweyo.

Pa msonkhopo anzako aphonya. Ndalama zambiri za ndondomekoyi zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja monga World Bank, Germany, Ireland ndi European Union. Apa m'pamene ine mtima suli m'malo, chifukwa tsiku limene eni thumba adzatembenuke, nkhalamba zathu zidzagwira mtengo wanji? Achinyamatanu mukadakuwira zimenezi, kuti boma lizichotsa zambiri m'thumba mwake, m'malo monyoza olandira.

Kutumiza usasiye. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inathamanga kusiya kandalamako m'mbuyo, ndipo nthawi zina kamachedwa miyezi. Komanso boma si mwana wa mchimwene wawo. Silidzabwera kudzafolera denga, silidzakhala pachipatala usiku. Ngati zakuthina, chepetsa, koma ukawauze wekha pamaso, utakhala pansi, osati kungozimitsa foni.

China chimene sunafunse: ufufuze amene amawaperekeza tsiku lolandira. Kuli adzukulu amene amatulukira tsiku lokhalo, atanyamula khadi kapena foni ya agogo, pobwerera n'kumati "yanga ya thiransipoti". Ukapita kumudzi mwezi uno, uwafunse azakhali paokha kuti m'manja mwawo mumafika zingati, ndipo ngati sizikugwirizana, nkhaniyo ukaitule kwa mwinimbumba.